KODI MBANDE KHUMI ZILIPIRA MTENGO UMODZI?

Pali mau amene ndawamva kawirikawiri pa misonkhano ya kubzala mitengo kuno kunsi kwa mapiri a Dedza, ku Mua, ku Mtakataka ndi ku Golomoti, ndipo anthu akawamva aomba m'manja, ndi amai aimba nthungululu. Mauwo ndi awa: "Ukadula mtengo umodzi, ubzale khumi." Ine ndine mphunzitsi, ndi masamu ndiwo nchito yanga ya masiku onse, ndidziwa bwino kuti khumi liposa cimodzi. Koma lero ndifuna kutsutsa masamu amenewa pamaso pa inu nonse, pakuti ali onyenga, ndipo cinyengo cao cirikutidyera minda, madimba ndi magombe a mitsinje yathu. Munthu wakudula mkuyu wa zaka 50 m'mbali mwa mtsinje, nabzala mbande khumi pamalo pace, sanalipire kanthu ai. Wangotenga ngongole, ndipo oibweza ngongoleyo ndiwo anzace akukhala kumunsi kwa madzi.

Tiyambe tayang'ana dziko limene tikhalamo. Kumadzulo kwathu mapiri aima ngati cipupa ca nyumba, kum'mawa kuli nyanja, ndipo pakati pali cigwa cathu cotentha. Mitsinje yathu, Namikokwe, Livulezi, Nadzipokwe ndi ina, icokera pamwamba pa cipupaco. M'cilimwe ina ya iyo ikhala mcenga wokhawokha, mwana naioloka wosanyowa mapazi. Koma mvula ikagwa kumapiri, madzi atsika ndi liwiro loopsya, ngakhale kuno kusanadonthe. Ndipo nthaka ya m'cigwa muno ndiyo yomwe mitsinjeyo inabwera nayo kalekale, mcenga ndi matope osanjikizana, yopanda thanthwe lakuicirikiza. Cimene madzi anaika, madzi akhoza kucicotsanso. Cakuletsa gombe lotere kugumuka ndiyo mizu basi. A Boma anazindikira ici m'masiku a atsamunda, pamene anapatula nkhalango ya Mua-Livulezi m'caka ca 1924, kuti mapiri ndi magwero a madzi asakhale amaliseche.

Nanga muzu ugwira bwanji nthaka? Onani nyumba ya makolo athu. Womanga azika nsici, namanga mbariro ndi luzi, ndipo pambuyo pace amata dothi. Dothi palokha lilimba polipsinja, koma polikoka kapena polikankha cam'mbali ling'ambika msanga. Mtengo ndi luzi ndizo zilimba pozikoka. Ziwirizi zikaphatikizana, cipupa ciima zaka zambiri. Mukacotsa mbariro, dothi lidzagwa ndi mvula yoyamba. Momwemonso amisiri a masiku ano aika zitsulo m'kati mwa konkire. M'nthaka mizu yaikuru ndiyo mbariro, ndi mitsitsi yaing'ono ndiyo luzi. Gombe likafuna kutsetsereka, muzu uli wonse wakudutsa pa mng'alu pamene dothi lifuna kulekana ukokeka, nukaniza, kufikira uduka kapena usolokamo. Cifukwa cace mphamvu ya gombe itsata zinthu zitatu: kucuruka kwa mizu, kulimba kwa muzu uli wonse, ndi kutalika kwa kumene mizuyo yafika, pansi ndi m'mbali momwe. Zitatu zonsezi sizigulidwa ku nazale. Zidza ndi zaka.

Mlimi ali yense adziwa ici, angakhale sanapite ku sukulu. Cimanga ca masabata awiri mwana acizula ndi zala ziwiri popatulira. Cimanga comasula ngayaye munthu wamkuru acizula ndi manja onse, ndipo cituruka ndi cibuma ca dothi. Mbeu ndi imodzimodzi, munda ndi womwewo. Casintha ndi msinkhu wokha. Muzu ukula kunsonga kwace, ndi nsongayo iri yoyera, yofewa, yodzala madzi. Koma mukautsata cobwerera kutsinde, mupeza kuti uyamba kuda ndi kuuma, popeza m'kupita kwa masiku comeraco ciikamo ulusi wolimba. Akatswiri amene anakoka mizu ndi makina oyesera anapeza comweco, kuti cigawo cakale ca muzu cipirira koposa cigawo catsopano.

Ine ndinayesa ici pamodzi ndi ana anga a sukulu. Tinakumba mizu ya misinkhu yosiyana, tinaimangirira pa mtanda wa khonde ndi kupacika ndowa kunsi kwace, ndipo tinathiramo mcenga pang'onopang'ono kufikira muzu uduke. Muzu wa mbande ya m'cubu unaduka mcenga utangobisa pansi pa ndowa. Muzu wa mthethe waukuru, wonenepa ngati pensulo, unanyamula ndowa yodzala ndi kukhala cete, ana naseka. Palinso cina cimene akatswiri acitira umboni: mitsitsi yopyapyala, poilinga ndi kucepa kwace, ilimba koposa mizu yonenepa, kotero kuti mitsitsi 100 yomwazika m'dothi igwira koposa muzu umodzi wa kunenepa kwa yonseyo pamodzi. Asodzi a ku nyanja adzandimva. Cakugwira usipa ndiwo maso ang'onoang'ono a ukonde, koma ukonde wopanda zingwe zace zazikuru upita ndi madzi. Mtengo wokhwima uli nazo zonse ziwiri, zingwe ndi ukonde, ndipo mizu yace kawirikawiri itambalala kupyola pamene mthunzi wa nthambi zace ulekeza. Koma mizu yonse ya mbande ikwana m'dzanja la mwana. Kodi manja khumi otere adzagwira gombe la Namikokwe?

Komatu coipa coposa sindinacinene. Mtengo ukadulidwa ndi kufa, mizu yace siicoka tsiku lomwelo. Itsala m'nthaka, nigwirabe nchito yace caka coyamba ndi caciwiri, ndipo pamenepo ndipo anthu anyengedwa. Ati, "Simukuona? Tinadula, ndipo palibe cinacitika." Koma pansipo ciswe ndi cinyezi ziri pa nchito. Mitsitsi yaing'ono, ija igwira koposa, ndiyo iyamba kubvunda, ndi yaikuru itsatira. Mphamvu ya mizu yakale irikutsika caka ndi caka, pamene ya mbande irikukwera pang'onopang'ono, ndipo pakati pa ziwirizi pali zaka za umasiye, m'mene nthaka iribe woigwira. Akatswiri a nkhalango ku America, ku Japan ndi ku New Zealand anayesa zimenezi pa mapiri ao, napeza kuti kugumuka kwa nthaka kucuruka makamaka kuyambira caka cacitatu kufikira zaka 10 kapena 15 cidulire mitengoyo, ngakhale pamene anabzala ina m'malo mwace. Ndipo kumeneko ndi maiko ozizira. Kuno kwathu kotentha, kwa ciswe, kubvunda sikucedwa.

Ine ndinaciona ici ndi maso anga pa mudzi wina wa m'cigwa muno. Panali mkuyu waukuru pa dooko, pamene amai anali kucapa ndi ng'ombe zinali kumwa. Unadulidwa kuti ukatenthere njerwa, ndi citsa cace anacisonkhera moto kuti cisaphukenso, popeza mwini dimba anafuna malowo. Iye anabzala mbande m'mzere monga anauzidwa, ndipo anthu anamtama. Dzinja loyamba gombe linaima, laciwiri linaimanso, lacitatu linacita ming'alu. Dzinja lacinai, usiku umodzi wokha, mtsinje unameza gombe, ndi timitengo tija timene tinali titafika m'cifuwa mwa munthu, ndi theka la dimba lomwe. M'mawa mwace ndinapita kukaona. Pa cipupa ca dothi cotsalaco panali mauna akuda ozungulira m'mene munali mizu ya mkuyu, ndipo madzi analikuturukamo ngati m'mipope. Muzu umene unali cingwe pokhala wamoyo, pobvunda unasanduka njira ya madzi.

Wina adzati, za mudzi umodzi si umboni. Cabwino, imvani za kutali. M'caka ca 1988 namondwe dzina lace Bola anagwa pa mapiri a kum'mawa kwa New Zealand. Kumeneko kunali mapiri a msipu wokha, ndi minda ya paini ya misinkhu yosiyanasiyana, ndi nkhalango zacilengedwe. Mvula itakata, akatswiri anawerenga zipsera za kugumuka pa zithunzi zojambulidwa ndi ndege. Anapeza kuti pamene panali nkhalango yakale, kapena paini wopyola zaka 8, nthaka inagumuka pang'ono cabe. Koma pamene panali paini wosafika zaka 6, panagumuka monga pa msipu wopanda mtengo. Taonani, paini ndi mtengo wofulumira kukula, ndipo anafuna zaka 8 kuti ayambe kugwira phiri. Nanga mbawa idzafuna zingati? Nanga mlombwa?

Ndipo dothi logumukalo lipita kuti? Funsani alimi a mpunga a ku sikimu ya Bwanje Valley. Sikimuyo, ya mahekitala 800, ndiwo maekala pafupifupi 2,000, inamangidwa ndi thandizo la dziko la Japan kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, kuti ipatutse madzi a Namikokwe. Sipanapite zaka zambiri, madzi osefukira anaononga zomangidwazo, ndi mcenga unadzaza ngalande, kotero kuti panafunika ndalama zinanso zakuikonzera. Mcenga umenewo sunagwe kumwamba ngati mvula ai. Unali minda ya anthu ndi magombe a kumtunda. Msewu wa m'mbali mwa nyanja, ndi njanji imene inafika ku Salima m'caka ca 1935, zonse zioloka mitsinje yomweyi, ndipo mtsinje wodzala mcenga ufunafuna njira yatsopano wosafunsa kuti apa pali mlatho kapena mudzi.

Tsopano ndiwayankhe onditsutsa, pakuti mlandu suweruzidwa pomva mbali imodzi.

Woyamba ati, "Tsabola wakale sawawa. Mtengo wokalamba ugwa wokha ndi mphepo, nuzula gombe lonse; wamng'ono ndiwo wamphamvu." M'mau awa muli coonadi pang'ono. Mtengo wa mphako wopendekera pamadzi ukhoza kugwa pamodzi ndi gombe lace, ndipo wotere ausadze nthambi, kapena audule pamwamba kuti uphukenso mizu ikali yamoyo. Ndibvomeranso kuti mitengo ya msinkhu wapakati yoima mothithikana iri ndi mitsitsi yambirimbiri. Koma izi zingotsimikiza mau anga. Gombe lifuna misinkhu yonse pamodzi, monga mudzi ufuna agogo, makolo ndi ana. Mudzi wa makanda okhaokha anauona ndani? Mbande ibzalidwe amace akali ciimire, kuti pofika tsiku lakugwa waukuru, waung'ono ukhale utagwira kale.

Waciwiri ati, "Tiri naye vetiva, udzu wofulumira, mitengo ya cani?" Inde, vetiva ndimtama ndithu. Mizu yace ilunjika pansi, ndipo pa nthaka yabwino ikhoza kufika mamita 3 m'caka cimodzi. Oiyesa anapeza kuti kulimba kwace kufika ngati pa gawo limodzi la magawo 6 a citsulo cofewa ca kunenepa komweko. Nsenjere, bango ndi nsungwi zithandizanso. Koma ngakhale udzu uli nao ubwana wace. Vetiva wobzalidwa mu Januwale, madzi a mu Febuluwale amzula ngati anyezi, ndipo mzere wace ufuna madzinja awiri kapena atatu kuti utsekane. Udzu ndiye mlezi wakusunga nthaka m'zaka zija za umasiye; asakhale codzikanira ca wonyamula nkhwangwa.

Wacitatu ati, "Napolo akafuna kudutsa, palibe mtengo wakumletsa." Sindikana. Mizu yambiri igwira mita imodzi kapena awiri a pamwamba, ndipo mvula ikapyola muyeso, monga inacita ku Zomba m'caka ca 1946, ku Phalombe m'caka ca 1991, ndi m'maboma a kumwera pa namondwe Freddy m'caka ca 2023, mitengo ipita pamodzi ndi miyala. Koma Napolo adza kamodzi pa zaka zambiri. Cakutisaukitsa ife ndiko kugumuka kwakung'ono kwa dzinja liri lonse, phazi limodzi caka cino, mapazi atatu caka camawa, ndipo kumeneko mizu ikhoza kukuletsa. Kodi munthu aleka kufolera nyumba yace cifukwa mphezi ikhoza kuitentha?

Wacinai ndiye wondibvuta kumyankha. Ati, "Aphunzitsi, inu mulandira malipiro mwezi ukatha, ine ana anga adya thumba la makala." Mbale ameneyu sindimdzudzula ndi mtima wouma. Ndamuona akukankha njinga yolemera dzuwa liri paliwombo, ndipo ine ndemwe ndaphikira makala ace. M'dziko la Malawi nyumba zoposa 9 mwa nyumba 10 ziphikira nkhuni kapena makala; mlanduwu tiri nao tonse, ogula ndi ogulitsa. Koma ndimpempha zinthu ziwiri zimene sizimlanda nsima. Mitengo siifanana nchito yace: wa pacidikha usunga mthunzi, koma wa pagombe ndi wa potsetsereka usunga dziko, imeneyo ailambalale. Ndipo pamene wadula, asaphe citsa.

Pakuti m'zitsa ndimo muli cuma cathu cobisika. Mitengo ya m'mapiri mwathu, mombo, msuku ndi inzace, ikadulidwa siifa msanga, citsa ciphukanso. Mphukira ya pa citsa ioneka ya caka cimodzi, koma iyamwa pa mizu ya zaka 30 kapena 40, ndipo mizuyo, pokhala yamoyo, yambiri igwirabe nthaka. Apa zaka za umasiye zifupika, kapena palibe konse. Ngakhale mbande za mitengo imeneyi zomera zokha zitha zaka zingapo zosaoneka kukula pamwamba, popeza zirikumanga pansi poyamba, ndipo wakuzisosa ati wasosa zitsamba, osadziwa kuti wataya nchito ya zaka. Ku dziko la Niger, kuyambira caka ca 1983, Tony Rinaudo pamodzi ndi alimi a ku Maradi anayamba kusamala zitsa za m'minda, kusiya mphukira zolimba zowerengeka ndi kusadza zinazo, ndipo m'kupita kwa zaka mitengo inabwerera pa mahekitala ngati mamiliyoni 5 a dziko louma koposa lathu. Koma ife citsa ticiyesa mdani wa khasu. Ticisonkhera moto, ticizula, ndipo tikatha tipita ku nazale kukapempha mbande. Tifanana ndi munthu wakugumula nkhokwe yodzala kuti apeze malo akukumba phando limodzi. Yang'anani ku manda a midzi yathu, kumene nkhwangwa iopa kulowa: palibe anabzalako, palibe anathirira, koma msitu uli njo, waukuru ndi waung'ono pamodzi, ndi nthaka yace iri pomwe makolo anaisiya.

Musandimve molakwa, kubzala sindikunyoza. Tsiku la kubzala mitengo linayamba m'dziko lino m'caka ca 1976, ndipo pambuyo pace linakula kukhala nyengo yonse, kuyambira pa 15 Disembala kufikira pa 15 Epulo. M'caka ca 2016 Malawi analonjeza kubwezeretsa mahekitala mamiliyoni 4.5 pofika caka ca 2030. Zonsezi nzokoma. Koma cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Ciwerengero cimene cimveka pa mwambo ndico ca mbande zolowa m'dzenje tsiku limenelo, alendo ali pamthunzi, ana a sukulu akuimba. Nanga ndani abweranso mu Okutobala, mbuzi zitamasulidwa, moto wa osaka mbewa utadutsa, ciswe citalawa? Mbande zonse zimene tinaziombera m'manja kuyambira 1976 zikadakhala zamoyo, munthu woima pamwamba pa msewu wa Golomoti sakadaona denga ndi limodzi lomwe cifukwa ca masamba. Tiwerenga zobadwa, koma maliro sitiwerenga. Ndipo masamu otere ndiwo apatsa wodula mtima wakuti walipira.

Potero ndiika mau anai pamaso pa mafumu, a komiti za nkhalango m'midzi, ndi aphunzitsi anzanga.

Coyamba, mitengo yaikuru ya pagombe, mkuyu, mbawa, katope, mthethe ndi ina yotere, ikhale yoletsedwa monga ya ku manda, ndipo dimba lisafike pamlomo pa mtsinje. Wakudula wotere asamasulidwe ndi mbande khumi, kapena zana.

Caciwiri, citsa ca potsetsereka ndi ca pagombe cisatenthedwe kapena kuzulidwa. Mwini munda asiye mphukira ziwiri kapena zitatu zolimba, ndi zotsalazo zikhale nkhuni zace.

Cacitatu, pobzala tiyambe pamene mitengo yakale ikalipo, kuti ana akule makolo asanacoke; ndipo pamene papita kale dazi, vetiva, nsenjere kapena bango zitsogole, mitengo ibwere pambuyo pace.

Cacinai, tisinthe tsiku lakuwerenga. Mudzi utamidwe cifukwa ca mitengo imene yafika caka cacitatu, cacisanu ndi cacisanu ndi citatu iri yamoyo. Ku sukulu ici ncapafupi, pakuti maphunziro a pulaimale ali zaka 8, zomwe zija paini anafuna kuti agwire phiri. Mwana wakubzala mtengo polowa Sitandade 1 akauonetse uli ciriri polemba mayeso a Sitandade 8. Pamenepo adzadziwa m'thupi mwace kuti muzu utenga nthawi yotani, ndipo atakula adzaganiza kawiri asanakweze nkhwangwa.

Abale anga, nkhanga zinapangana kusanapsye. Nkhwangwa ifuna m'mawa umodzi wokha kuti igwetse mkuyu, ndipo ciswe cifuna madzinja owerengeka kuti cithe mizu yace; koma mbande ifuna ubwana wonse wa munthu kuti igwire pamene mkuyuwo unagwira. Mtsinje sudikira zaka zimenezo. Cifukwa cace pa msonkhano wa caka cino, wina akaimirira nati, "Ukadula umodzi, ubzale khumi," musafulumire kuomba m'manja. Mumfunse mwaulemu kuti, kufikira khumiwo atakula, gombe lidzagwidwa ndi yani?